Satifiketi Yanga ndi Simbi ya Makala

Anzanga, pali uchitsiru wina umene munthu wosaphunzira sangaukwanitse, umafuna munthu wa digiri. Ine digiri ndili nayo, kapena ndinene kuti ndinali nayo, mumva nokha.

Ndimaphunzitsa ku Ngauma, m'mawa kusukulu, madzulo ana a ku madarasa. Digiri yoyamba ndinakaichita ku Malawi komwe kuli amalume anga, ndiye chaka chatha ndinamva kuti yunivesite ina ku Nampula ikulandira anthu ofuna digiri yachiwiri ya maphunziro a Chisilamu. Ndinalembera, anandiyankha kuti malo alipo, koma poti pepala langa ndi lakunja, ndiyambe ndakalidinditsa kwa notaryo, uja amatsimikiza kuti chikalata ndi chenicheni, ndipo zonse zifike Lachisanu la sabata yotsatira lisanathe. Likangodutsa Lachisanulo, malo anga apita kwa wina.

Mukuganiza kuti ndinakhala chete? Ndinathamangira kwa Shehe, Shehe n'kulengeza mumzikiti titatha swala ya Ijumaa, mapemphero a Lachisanu aja, duwa yondipempherera n'kundichitira, madala n'kumandigwira chanza ngati ndabwerako kale.

Tsono satifiketi yangayo ndinali nditaimatitsa pulasitiki. Chifukwa chake chinalipo: chiswe cha ku Ngauma sichiseka ndi munthu, chinatidyera kalata ya ukwati n'kungosiya mayina athu awiri pamwamba. Kuyambira pamenepo pepala lililonse lofunika ndinkapita nalo kwa a Saide, eni kashopu ka fotokopya ku Mandimba, n'kuwauza kuti amate yokhuthala ija. Aphunzitsi anzanga ndinkachita kuwalalikira za pulasitiki.

Lolemba ndinavala mkanjo woyera, njinga yamoto mpaka Mandimba, minibasi ya shapa mpaka Cuamba, kuofesi ya notaryo pamzere mpaka dzuwa pamutu. Nditafika kutsogolo ndinapeza mayi wina wamagalasi, ndinamupatsa satifiketi ndi manja awiri. Anaitembenuza, anaigogoda ndi chikhadabo, inalira kho kho ngati mbale.

"Bambo, iyi mwaimata. Chidindo cha koleji yanu ndi chija chotukuka, ndimayenera kuchimva ndi chala, nanga pano ndimva chiyani? Komanso karimbo wathu, chidindo cha muofesi muno, pa pulasitiki sagwira. Ndiye chimene mungachite..."

Sindinawalole kumaliza. Ine, mphunzitsi wathunthu, kundiphunzitsa kasungidwe ka pepala? Ndinawauza za chiswe, za mvula, za denga lodontha, ndinasakaniza Chipwitikizi, Chiyao ndi Chinyanja, kenako ndinatsomphola satifiketi yanga n'kunena kuti, "Vuto ndi pulasitiki eti? Mundiona ndikubwera nayo yopanda pulasitiki." Iwo anandiitana kawiri, ine n'kumangoguba, mkanjo uli pepelepe.

Lachitatu kunyumba ndinayesa ndi lumo pakona, pulasitiki osasuntha. A Saide akamata amamata ndi mtima wonse. Apo ndi pamene nzeru za digiri zinandifikira: chinamata ndi moto, ndiye chomatula ndi moto. Ndinawauza mayi a kunyumba kuti akoleze makala mu simbi yositira.

"Abambo a Amina, mukufuna kusita pepala? Bwanji muyambe mwaimbira foni kukoleji kuja mufunse?"

"Inu kolezani makala, za sukulu musiyire ife."

Anakoleza, anakhala pakhomo n'kupinda manja. Ndinayala kansalu pamwamba, simbi pang'onopang'ono, ndipo taonani, kona inatukuka! Ndinawayang'ana mayi aja ndi diso loti mwaona? Ndinakoka, pulasitiki inkabwera bwinobwino, koma nditafika pakati ndinaona kuti sikubwera yokha. Ikubwera ndi zilembo. Dzina langa lonse, dzina la digiri, siginecha ya mkulu wa koleji, zonse zinasamukira pa pulasitiki. Dzanja lamanja ndagwira pepala loyera mbee, lamanzere ndagwira dzina langa likuoneka kuseri ngati pa zenera. Ndili kakasi choncho, kakala kamoto kanathothoka mu simbi n'kugwera pa chidindo chotukuka chija, chomwechija mayi wa ku Cuamba amafuna kuchimva ndi chala. Panatsala kabowo.

Mayi a kunyumba anangoti, "Ndiwonjezere makala?"

Lachinayi ndinali kwa a Saide ndi zidutswa zanga ziwiri. Anaziyang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu.

"Aphunzitsi, apa mankhwala ndi amodzi basi. Tibwezeretse dzinali pamalo pake, timatenso pulasitiki ina pamwamba kuti zigwirane."

Ndipo ine, munthu amene ndinabwezedwa chifukwa cha pulasitiki imodzi, ndinavomera yachiwiri. Mukanatani inu? Vuto lake pepala lija linali litakwinyika ndi moto, ndiye potuluka m'makina dzina langa linapendekeka, linayambira pa mzere wake n'kukathera pa mzere wa deti.

Lachisanu m'mawa ndinalinso pamzere ku Cuamba, mkanjo womwe uja koma kuguba kutatha. Mayi wamagalasi anailandira, anaigogoda, inalira mokulirapo kuposa Lolemba. Anaikweza m'mwamba n'kundiyang'ana kudzera pa kabowo kaja.

"Bambo, munati mubwera nayo yopanda pulasitiki, mwabwera ndi ziwiri." Anavula magalasi n'kupukuta misozi ya phwete. "Lolemba lija ndimafuna ndikuuzeni kuti yomata timailandira, bola koleji yanu itilembere kalata yotsimikiza. Ena amatumiza pa imelo tsiku lomwelo. Koma munathawa. Iyi ndiye ngakhale kalata ibwere, nditsimikiza chiyani?"

Pamzere ponse anthu anali khosi tolotolo kufuna kuona satifiketi yoboola. Safunsa anadya phula, ine ndinachita kuliphika ndekha pa makala.

Malo aja anapita. Satifiketi ina ndinaitanitsa ku Malawi, inafika patatha miyezi, ndiye ndikudikira chaka chino ngati angandilandirenso. Chondipweteka kwambiri n'chakuti Ijumaa iliyonse madala aja amandifunsabe mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, ku Nampula mwabwerako liti?" Ine ndimangoti Inshallah, ngakhale sikuyankha funso lawo. Simbi nayo mayi a kunyumba amaisunga kwa achemwali awo.

Yatsopanoyi ili m'chitini cha mabisiketi, yopanda kanthu pamwamba, ndipo ndalumbira kuti a Saide sadzaiona, komanso munthu wa muofesi akamalankhula ndizidikira atseke yekha pakamwa. Chiswe chikafuna chibwere chidye. Chija chinadya kalata ya ukwati chinali ndi ulemu, chinasiyako dzina.