Pabalaza Panga Panakana Kutulutsa Alendo

Mukadzafika kwathu kufupi ndi Nsaru, musadzafunse chifukwa chake pabalaza pathu pamayalidwa mphasa kuyambira pakhomo mpaka kukhoma. Akazi anga akadzakumvani, tiyi mudzamwa wopanda shuga. Bola ndikuuzeni ndekha kunoko.

Zinayamba ndi maso angawa. Nditapita ku Lilongwe kukagula mbewu, ndinalowa m'sitolo ina imene pansi pake pankawala ngati madzi, mkati mwake muli mizere yofiirira yopindikapindika ngati utsi. Ndinatsala pang'ono kuvula nsapato. Mwini sitolo anati ameneyo ndi epokisi, mankhwala othira pamwamba pa simenti, ndipo ankagulitsa yekha.

Maganizo anathamangira kunyumba. Mwezi wa Okutobala ife Akatolika timapemphera Kolona khomo ndi khomo, ndipo mphakati wathu (kagulu ka mabanja oyandikana opemphera limodzi) unali pafupi kufika kwathu koyamba chimangireni nyumba yamalata. Mayi a Chisomo, akazi angawo, ankalidikira tsikuli ngati ukwati. Iwo ankangofuna kuti anzawo alowe, akhale pansi, amwe thobwa, apite akunena kuti pakhomopa pali mayi. Basi. Ine ndinaona kuti zimenezo n'zochepa.

Ndinagula chitini chachikulu, kachitini kakang'ono ka mankhwala oumitsa, ndi kapaketi ka ufa wonyezimira. Mwini sitolo anandigwira mkono.

"Bambo, kakang'onoka muthire konse m'chachikulumo. Musawonjezere china chilichonse. Mwamva?"

"Ndamva," ndinatero (ndinamvadi, kungoti sindinavomere).

Mukudziwa inu nomwe kuti kwathu kuno penti sapakidwa mmene wabwerera kusitolo. Timathiramo parafini kuti akwane nyumba yonse, wina atsale wa chitseko cha kukhitchini. Munthu wopaka penti wosasungunula timamuona ngati wowononga. Ndiye nditatsegula chitinicho n'kuona mankhwala olemera ngati uchi, ndinadziwa kuti mkulu uja amangofuna ndikagulenso china. Ndinathira parafini. Ka oumitsa kaja ndinathira theka, lina ndinasungira kuchipinda. Ndinatakasa ndi mpini wa tsache uku ndikuimba mluzu.

Koma kukongola kokha, anthuni! Nditakhuthula pasimenti n'kumwaza ndi thabwa, ufa uja unayamba kuyenda wokha, kupanga mitambo yagolide. Ndinaitana mayi a Chisomo kuti adzaone pawindo.

"N'zokongola," anatero. "Koma fungoli, bambo a Chisomo, si la nyali limeneli? Ziuma?"

"Ukadaulo umanunkha choncho," ndinayankha.

Tsiku la mapemphero m'mawa ndinakhudza ndi chala pakhomo. Panali pouma, kungomata pang'ono. Akazi anga anabwera ndi mphasa kuti ayale pokhala amayi, monga timachitira kulikonse. Apa m'pamene ndimalakalaka wina akanandimenya khofi.

"Mphasa? Ndavutikira chiyani ine? Anthu akhale pagolidepo, aone."

Anandiyang'ana, n'kubwerera nayo mphasayo.

Anthu anafika masana, dzuwa la Okutobala litakwiya padenga. Nsapato anasiya pakhomo. Abambo tinakhala pamipando, amayi anakhala pansi atatambalala, onse m'zitenje zawo za kutchalitchi. Wapampando wathu, mayi Nankhoma, munthu wamkulu thupi ndi ulemu womwe, anasisita pansipo n'kunena kuti, "Mayi a Chisomo, mwatisiya kutali, eti?" Ndinaona akazi anga akumwetulira, ine mtima m'malo.

Kolona si pemphero lachidule. Malata ankatentha, anthu ankatentha, ndipo epokisi wanga, amene anangouma pamwamba pokha, anayamba kudzuka. Choyamba ndinamva ndi fungo. Kenaka ndinafuna kusuntha phazi, sokosi inakana. Ndinayang'ana a Kalonga, mlembi wathu, amene anakhala pafupi nane. Iwo ankapemphera maso ali paphazi lawo, akulikoka pang'onopang'ono ngati munthu wozula chinangwa m'munda mwa eni. Palibe ananena kanthu. Ndani angadule Tikuoneni Maria pakati? Ine ndinapemphera tsiku limenelo kuposa moyo wanga wonse, ndipo pempho langa linali lakuti Kolonayo isathe.

Inatha. Mayi Nankhoma anati, "Tiyeni tiimirire titseke ndi nyimbo."

Abambo tinaimirira, masokosi n'kutsala. Amayi sanaimirire. Mayi Nankhoma anatsamira dzanja pansi kuti adzuke, dzanjalo linagwidwanso. Anayesa ndi mphamvu, ndipo tonse tinamva kuti kweee! Iwo anadzuka, chitenje chinatsala.

"Abambo, tulukani!" anakuwa mayi wina.

Tinatuluka mothithikana, maso kudenga, mapazi ali pyatapyata. Panja tinaima pansi pa mtengo wa mango, fumbi litamatirira kumapazi ngati tavala nsapato zatsopano. M'nyumbamo munkamveka kung'ambika kwa nsalu ndi mawu a akazi anga akuti, "Pepani amayi, pepani, tikhululukireni." Anatulutsa zitenje zawo zonse m'sutikesi n'kugawira aliyense. Amayiwo anatulukira khomo la kuseri mmodzimmodzi. Thobwa limene akazi anga anasutsa ndi kuphika ndi mtima wonse palibe analilawa.

A Kalonga ndi amene anayamba kuseka. "Achimwene, mwapeza njira yoti anthu asamathawe mapemphero, eti?" Onse anagwa nacho chiseko, ndipo ine (Mulungu andikhululukire) ndinaseka nawo.

Ndinapala pansipo ndi khasu mpaka manja kutuluka matuza. Zina zinachoka, zina zinakana. Mpaka lero pali malo pamene mukhoza kuona maluwa a chitenje cha mayi Nankhoma ali m'golide.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti nkhaniyi inandikweza ine. Ndikafika pa Nsaru tsiku la msika anthu amandiitana kuti, "Amisiri, tabwerani mutiuzenso!" Amandigulira tiyi, ine n'kumafotokoza, mwina kuwonjezera ndi mchere womwe. Tsiku lina ndinabwerako ndikusekabe, n'kuwauza mayi a Chisomo kuti anthu aiwala zoipazo, angotsala ndi nthabwala.

Anatula ndowa ya madzi pansi.

"Kodi mukudziwa mmene amaikambira nkhaniyi kumjigo? Sanena kuti kwa bambo a Chisomo. Amati kwa mayi a Chisomo, kuja anakhazika alendo pansi popanda mphasa. Ndikafika amasiya kulankhula. Wina amakhudza kaye pamwala asanakhale pafupi nane." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Inu sekani, amuna anga. Kumjigoko ndimapita ndine."

Parafini ndinathira ndine, mphasa ndinakaniza ndine, koma nyumba ikachititsa manyazi kwathu kuno amatchula mayi. Ndinkadziwa zimenezi kuyambira ndili mwana, ndipo zinandipweteka kuti ndinachita kukumbutsidwa ndi misozi.

Sabata yotsatira pa Nsaru anandiitananso kuti ndifotokoze. Ndinawauza kuti ndaiwala mmene inathera, ndipo tiyi wawoyo sindinamwe.