Ngala Zisanu za a Gelesomu

Amayi anzanga, tulani mitoloyo mumve zimene ndalota usiku wathawu. Musaseke, maloto ukawaseka amabweranso.

Mukudziwa kuti ndatsala ndi ngala zisanu zokha za chimanga cha makolo, mbewu ija anasiya malemu amuna anga a Gelesomu. Mvula ya Lachiwiri itagwa, mwana wanga Enelesi, uja amagwira ntchito kwa azanyengo, anaimba foni. "Amayi, musabzale, imeneyo ndi chizimalupsa. Kukubwera ng'amba ya masabata atatu." Ine ndinati, "Iwe ndinakubereka ndine, mvula unaidziwira kuti?" Koma ndinagona mtima uli m'mwamba. Ndikabzala nkupserera, mbewu ya bambo ake yathera pomwepo. Ndikachedwa, anzanga azipalira ine ndikukumba mapando.

Ndiye ndinalota kuli masana, ndili m'munda, ngala ndabereka kumsana ngati khanda. Pakati pa mizere panaima chitini chija choyezera mvula cha pasukulu. Chinatsokomola nkuti, "Agogo, ndamwako pang'ono chabe, sizinafike ndi pakhosi pomwe."

"Chitini sichiyankhula ndi munthu wamkulu," ndinatero. "Uchita dzimbiri."

Mwadzidzidzi Enelesi uyu, atavala diresi lake la ku pulayimale, akundipatsa chingwe cha chibaluni choyera. Ndisanamuchenjeze kuti zoterezi zimaitana mphenzi, mapazi anga anachoka pansi. Ndiye ndikuyang'ana m'munsi, mayo ine, mudzi wathu wakale! Dambo lili ndi madzi, mkuyu uja anadula opanga makala uli chilili, amayi anga akuyanika mphale pamphasa. Ndinakuwa, sanadzutse mutu.

Ndiye ndinafika pa ofesi yomangidwa pamtambo. Bwana wa tayi anandipatsa mpando, mpandowo nkuti, "Pukutani matope kaye." Pawindo panadutsa chitsulo cha mapiko chikuthamanga.

"Iwe chitsulo, uchita chizungulire!" ndinatero.

"Ndilibe nthawi, agogo, ndikujambula mitambo ya dziko lonse."

Nditacheuka, bwana uja wasanduka bilimankhwe, tayi ili pakhosi, diso lina kumwamba, lina pansi. Anati mwayi woti mvula ipitirire ndi magawo makumi atatu pa zana.

"Bwana, ine sukulu ndinangoidutsa kuseri. Ndibzale kapena ndisabzale?"

Anasintha mtundu katatu. Alembi ake anasanduka akakowa nkuyamba kujompha mapepala. Mmodzi anajompha chibaluni changa, phu!

Ndinagwera m'nyanja yamchere, yopanda gombe, yopanda bwato. Ponseponse panali zigubu zachikasu, zikumira, zikutumphuka, zikucheza ngati amayi pa mjigo. "Kwanuko madzi ali bwanji?" "Kuno afunda, achemwali." "Tumizani uthenga kumwamba." Ndinaziuza kuti zisamamire choncho, m'madzi akuya mumakhala zinthu. Palibe chinandimvera.

Mwadzidzidzi pa chigubu china ndikuona munthu wakhala, wavala jekete lija a Gelesomu anabwera nalo kuchokera ku Joni, wapinda mkono, akuviika chigongono m'madzi monga ndinkayesera madzi osambitsa khanda.

"Abambo a Enelesi! Tsikanipo apo, inu simudziwa kusambira!"

"Nagama," anatero, akuseka ndi dzino lawo lobenthuka lija. "Ukuopabe zonse?"

"Nanga ndisiye lero? Taonani, ndabwera ndi mbewu yanu. Nunkhizani mphepo ngati kale, mundiuze."

Pajatu munthu uja ankaima pachulu m'mawa, kuyang'ana anamzeze, kuona m'mene mango achitira maluwa, nkuti, "Mawa makasu." Mudzi wonse unkatsatira.

Anapukusa mutu. "Kale mvula inkachokera kuseri kwa phiri, tinkaiona ikubwera ngati mlendo. Masiku ano nkhani yake imayambira kuno. Madzi awa akafunda, kwathu kumauma. Mphuno yanga sikanafika kuno, Nagama. Mwana uja ali ndi mphuno zambirimbiri, zina m'madzi, zina kumwamba."

"Ndiye mwana aphunzitse make kubzala?"

"Kuyenda tinamuphunzitsa ndife. Watipitirira, ukulira chiyani?"

Ndinamasula chitenje. Anatenga ngala imodzi nkuinunkhiza nthawi yaitali. "Utsi wa m'khitchini mwathu," anatero. Anaibweza, nkundimangira mfundo pachifuwa okha, zimene sanachitepo ali moyo.

"Sunthani, ndikhale nanu pachigubupo."

"Malo ndi a munthu mmodzi. Pita. Ukakumbe ndi dzanja, chinyontho chikapitirira chikhatho chonse, mwananso akavomera, ubzale. Osati mawa."

Ndinafuna kuwauza kuti amange mabatani a jekete, kunyanja kumazizira. Koma chigubu chinayamba kumira nawo pang'onopang'ono, iwo chigongono chili m'madzi, ndipo pansi pa nyanja panayamba kumveka go! go! go!

Ndinatsegula maso kunja kutayera. Unali iwe, Nasoko, ukukhoma khasu pamwala kuseri kwa nyumba yanga, ukuitana kuti, "Anagama, tiyeni, dothi lisanaume!"

Unaitana katatu, ndinakumva. Zaka makumi asanu sindinatsalepo m'mbuyo tsiku lobzala. Ndinakoka bulangete nkufunda mutu, ndikumvera go! go! wa khasu lako mpaka unatopa.