Che Mwaswera Pakati pa Malole

Pa akabaza onse amene anayendapo m'misewu ya Kasungu, Che Lajabu okha ndi amene sankapitirira galimoto asanapereke moni kwa dalaivala wake. Osati moni wongokweza dzanja ayi. Moni weniweni, wapakamwa, wodikira yankho, wofunsa ndi ana omwe kunyumba. N'chifukwa chake dzina loti Lajabu linkamveka kumzikiti ndi pakamwa pa akazi awo, a Hasina, basi. Tawuni yonse inkawatchula kuti Che Mwaswera.

Kabaza anaiyamba atakula kale, imvi zili mbuu, atatopa ndi kukhala m'kagolosale kawo ku Kapelula. Ankati m'golosale umadikira kuti anthu akupeze, pomwe pamsewu anthu umawapeza wekha. Tsiku lomwe anagula njinga yamotoyo anamasula hutala n'kuiponya m'dengu la a Hasina.

"Hutala ndi mwano," anatero. "Pakamwa ndili napo."

Nyengo ya fodya kuno mukuidziwa. Msika ukangotsegulidwa, malole a mabelo ochokera ku Kaomba, ku Simlemba ndi kwina konse amandandana mumsewu ngati linthumbu, ena kupita, ena kubwerera, maminibasi ndi ngolo zili momwemo. Pakati pa mizere iwiriyo pamatsala kampata kopapatiza, kamene akabaza amakatcha khwawa. M'khwawamo ndi momwe amadyera. Amalowamo ngati mbewa yothawa moto, kasitomala atatsinzina, mawondo akupala penti ya malole.

Che Mwaswera nawo ankalowamo, musaganize kuti anali amantha. Koma ankalowa magalimoto akaima, pa liwiro la munthu wopita kukapepesa maliro, ndipo pawindo lililonse ankaponda pansi.

"Mwaswera bwanji, adalaivala?"

"Taswera, Che Mwaswera. Pitani."

"Kunyumba ana?"

"Ali bwino. Pitani, mzere uyenda posachedwa."

"Chifuwa chija chinatha?"

Amene zimenezi zinkamunyansa kwambiri anali Prosper, tcheyamani wa siteji yawo, bambo wa ana awiri, amene ankadzitama kuti palibe mpata umene njinga yake singalowe. Prosper ankawakonda madalawa, koma ankaona kuti akuchititsa manyazi ntchito.

"Madala," anawauza tsiku lina, "inu mukanyamula mayi woyembekezera, amakafika kuchipatala mwana akukwawa."

"Koma amakafika," anayankha Che Mwaswera, akupukuta helemeti. "Lole ilibe maso m'nthiti, Prosper. Maso ali ndi munthu amene wakhala m'katimo. Akandiyankha ndiye kuti wandiona. Amene sanandiyankhe sanandione, ndipo amene sanandione ndi amene adzandiphe."

Siteji yonse inaseka, ndipo Prosper ndiye anaseka kwambiri.

Tsiku lina Che Mwaswera ananyamula a Sunganani, mphunzitsi wa sekondale amene anali atachedwa kukayang'anira mayeso. M'khwawa anapeza galimoto yakuda, yonyezimira, magalasi akenso akuda bii. Anapereka moni. Zii. Anagogoda. Zii. Anazimitsa njinga n'kugogodanso, modekha, ngati pakhomo pa apongozi. Kenako galasi linatsika pang'ono, n'kuonekera bwana wa tayi, foni ili kukhutu.

"Ndilibe kanthu, bambo."

"Sindikupempha, bwana. Mwaswera bwanji?"

"Mwandigogodera zimenezo?"

"Eya. Ndikufuna kudutsa pambali panupa, ndiye ndimati tidziwane."

"Dutsani."

"Simunayankhe."

Bwana uja anayang'ana foni, anayang'ana madala, n'kuona kuti munthuyu akhoza kugona pomwepo. "Ndaswera bwino, kaya inu."

"Ndaswera. Galasi lanu loonera kumbuyoli lapindika." Analiwongola, n'kulipukuta ndi mkono wa mkanjo wawo, kenako n'kulizanso njinga. Anayenda mzere wonsewo akuwafotokozera a Sunganani za kuipa kwa magalasi akuda. Atafika pageti la sukulu n'kucheuka, kumbuyo kunalibe munthu. Mphunzitsi uja anali atatsika kalekale, n'kuyenda wapansi, ndipo panthawiyo anali atagawa kale mapepala.

Komabe makasitomala sankawasowa. Amayi a mazira, okalamba opita kusikelo ya shuga, aliyense wonyamula chinthu chosweka, kapena wodziwa kuti iye mwini ndi wosweka, ankadikira Che Mwaswera ngakhale pa siteji patakhala njinga khumi.

Prosper ankatenga othamanga. Chaka china ananyamula mlimi wa ku Kaomba amene anali atagulitsa bwino fodya n'kugula matilesi aakulu, oyamba m'moyo wake. Anawamangirira chopingasa kumsana kwa mwini wake, n'kulowa m'khwawa mosachepetsa moto. Mpatawo unakwana njinga, unakwana Prosper, koma matilesi unawakana. Prosper anatulukira kutsogolo yekha, akudabwa kuti njinga yapepuka bwanji. Mlimi uja anatsala pakati pa malole awiri, matilesi atakanirira uku ndi uku, iye akulendewera, miyendo ikupalasa mphepo.

Woyamba kufika pamenepo anali Che Mwaswera. Anaima, n'kuyang'ana m'mwamba.

"Mwaswera bwanji kumwambako?"

"Nditsitseni, bambo."

"Tikutsitsani. Kodi si inu a kwa Kaomba, a nkhumba zija?"

Anamutsitsa, matilesi osang'ambika, ndipo anamufikitsa mpaka kwawo dzuwa likupendeka. Prosper anakhala sabata yathunthu osatchula za amayi oyembekezera. Sabata yachiwiri anayambiranso.

Tsiku limene Kasungu saliiwala linali Lachinayi la mu Juni, chakumasana, mphepo ikuulutsa fumbi ndi mapepala. Kutsogolo ngolo inali itathyoka gudumu, ndipo msewu unatsekeka mbali zonse ziwiri. Prosper anali yekha, akubwerera ku siteji. Analowa m'khwawa monga mwa masiku onse, ndipo pakati pa malole awiri panatulukira mayi wina atasenza beseni la mbatata. Prosper anaponda buleki. Mayiyo anapulumuka, koma pansi panali mchenga. Njinga inaterereka, n'kumukokera kunsi kwa lole yodzaza mabelo, n'kumugwera pamwendo. Atatsegula maso anaona matayala akumbuyo a loleyo ali pafupi ndi chifuwa chake, moti ankatha kuwerenga zilembo zake.

Nthawi yomweyo kutsogolo anachotsa ngolo ija. Injini zinayamba kulira, imodzi imodzi, kubwera chakuno.

Anthu amene anaona anakuwa. Madalaivala akumbuyo analiza mahutala kuti achenjeze mnzawo. Koma hutala imanena chinthu chimodzi chokha, ndipo dalaivala wa loleyo, a Mphepo a ku Simlemba, anamva kuti akuwauza kuti afulumire. Analowetsa giya. Prosper anamva chitsulo chikugunda pamwamba pake, anamva fungo la dizilo ndi la fodya, ndipo anaona tayala likusuntha pang'ono, ngati likuganiza. Anayesa kukoka mwendo, koma unakana. Anaganiza za ana ake awiri, ndipo chimene chinamubwerera m'mutu chinali chakuti wamng'onoyo anali asanamuphunzitse kumanga zingwe za nsapato.

Ndiye kunsi kwa loleko anaona mapazi awiri ovala masilipasi akuthamanga. Mapaziwo anawadziwa, koma anali asanawaonepo akuthamanga. Anadumphira pa sitepe ya lole n'kusowa.

"A Mphepo, phazi lisachoke pabuleki. Yang'anani ine."

"Che Mwaswera, si tapatsana kale moni?"

"Uwu ndi wina. Zimitsani injini."

A Mphepo anali atayankha moni wa munthuyu kwa zaka khumi, ndipo anali asanamumvepo akulankhula mwachidule chotero. Sanafunse chifukwa. Anazimitsa.

Kenako madala aja anaima pa sitepe pomwepo n'kuyamba kuitana madalaivala, aliyense ndi dzina lake, wa kumbuyo, wa mbali inayo, wa minibasi, wa thirakitala. Amene dzina lake linawathawa anamuitana ndi dzina la mudzi wake. Aliyense womva dzina lake ankazimitsa injini n'kuuza womutsatira. Amene analipo amati bata linayenda mumsewumo ngati madzi mumngalande, mpaka Kasungu yense anangoti zii, n'kumamveka nkhunda za pamsika.

Prosper anamva masilipasi aja akubwera, tsopano pang'onopang'ono. Kenako kunsi kwa lole kunasuzumira nkhope ya imvi, ikupuma mwawefuwefu.

"Mwaswera bwanji, a tcheyamani?"

Prosper anafuna kuseka, koma zimene zinatuluka ndi misozi. "Ndaswera, madala. Kaya inu."

"Ife taswera. Musagwedezeke, mwendowo tiuona."

Amuna asanu ndi mmodzi ananyamula njinga, ena n'kumukoka Prosper pa chiguduli cha mabelo. Mwendo unali utathyoka pawiri. A Mphepo atatsika n'kuona pamene tayala lawo linaima, anakhala pansi pa phula, manja ali kumutu. Che Mwaswera anawasisita paphewa, kenako anatsogola wapansi, akupempha galimoto iliyonse kuti ipatuke pang'ono, pikapu yonyamula Prosper ikuwatsatira. Mumsewu momwe njinga inkapita mopanikizika munatseguka njira yoti n'kudutsa ukwati.

Pikapu itapita, anthu anawanyamula madala aja m'mwamba. Amayi a pamsika analuluta, makondakitala anamenya mabodi a maminibasi, ndipo madalaivala onse, posowa njira ina yothokozera, analiza mahutala nthawi imodzi. Che Mwaswera anatseka makutu ali m'mwambamo.

"Ndalakwa chiyani kuti munditukwane chonchi? Nditsitseni, silipasi yanga yatsala."

Prosper anatuluka m'chipatala ndi chitsulo m'mwendo, akutsimphina. Pamsonkhano woyamba wa siteji anaima ndi ndodo n'kulamula kuti pasapezeke wolowa m'khwawa magalimoto akuyenda, ndipo wolowa ataima aziyenda ngati akuperekeza nkhalamba. Ena anamvera, ena ankamvera tcheyamani akamawaona. Akabaza ndi akabaza. Koma chaka chimenecho siteji yawo sinapite kumanda, pomwe zaka zam'mbuyo inkapita kawiri kapena katatu nyengo ya fodya isanathe. Che Mwaswera anawapatsa mpando wa mlangizi. Iwo anaulandira n'kuugwiritsa ntchito yake yeniyeni: anapempha mpando wapulasitiki, n'kumawodzera pamenepo makasitomala akasowa.

Anayendabe zaka zina zitatu. Sanafere pamsewu. Lachisanu lina atabwera kumzikiti anauza a Hasina kuti akumva kulemera m'chifuwa, anagona pamkeka pakhonde kuti apume pang'ono, ndipo sanadzukenso. Amene anasambitsa thupi anatuluka akupukusa mitu. Zaka zonsezo pa kabaza, munthuyo analibe chipsera ngakhale chimodzi, kupatula cha mpeni wodulira sopo cha m'golosale muja.

Mwambo wawo sudikira, choncho anawaika tsiku lotsatira m'mawa kwawo ku Kapelula. Mmene uthenga unayendera palibe akudziwa. Madalaivala amene anagona masiku awiri pamzere wa kumsika anasiya malo awo, chinthu chimene dalaivala wa fodya sachita ngakhale pa ukwati wa mlongo wake, n'kutembenuza malole, mabelo ali momwemo. Kutsogolo kunali njinga zamoto zoposa zana, pamzere umodzi, Prosper ali patsogolo. Kuchokera pa boma mpaka ku Kapelula palibe amene anapitirira mnzake. A Hasina ataona fumbi likubwera, lalitali ngati la mphepo yamkuntho, anafunsa ngati onsewo anali abale.

"Ndi odziwana nawo, mayi," anatero Prosper.

"Ndiye n'chifukwa chake chakudya chinkazizira tsiku lililonse," anatero a Hasina, akupukuta m'maso ndi mpango.

Masiku ano msewu ndi womwewo, malole ndi omwewo, ndipo kunena zoona anthu akufika msanga. Koma nkhani siziyendanso. Kale dalaivala wa ku Kaomba akadwala, pofika madzulo mzere wonse unkakhala utamva, chifukwa panali wozinyamula kuchoka pawindo ili kupita pa linalo. Tsopano munthu amamva za maliro a mnzake patatha mwezi. Madalaivala amakhala m'malole mwawo magalasi atatseka, aliyense akuyang'ana foni yake, pomwe malolewo ayandikana moti akhoza kupatsana madzi akumwa.

Mwezi watha Prosper anakumana ndi a Mphepo m'khwawa, mzere utaima. Nawo akalamba, ndevu zayera. Anatsitsa galasi n'kumuyang'ana kwa kanthawi.

"A tcheyamani," anatero, "mukudziwa kuti ndimachoka ku Simlemba m'mawa, n'kufika kumsika, n'kubwerera, popanda munthu wonditchula dzina?"

Kutsogolo mpata unali wotseguka, ndipo kasitomala kumbuyo anali atayamba kale kuyang'ana wotchi. Prosper anaponda pansi ndi mwendo wake wachitsulo uja, anazimitsa njinga, n'kumuuza kasitomalayo kuti adikire pang'ono.