Tsiku Limene Ntchafu Yanga Inawala ku Limbuli

Pa ntchafu yanga yakumanja pali chipsera chozungulira, kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo. Anzanga akachiona ndimawauza kuti ndinapsa ndi ekizozi ya njinga yamoto. Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Ndati lero ndiulule ndekha, chifukwa anthu amene anaona ndi maso awo ayamba kuifotokoza nkhaniyi mothira mchere wambiri, mpaka ena akuti ndinatuluka utsi m'makutu.

Choyamba mudziwe matenda anga. Amuna ena amakonda mpira, ena amaweta nkhunda, ine ndimakonda timatochi. Sindikunena matochi a pamsika aja amene amafa akangodontheredwa mvula ayi. Ndikunena timatochi tating'ono tochita kupangitsa, tomangirira ku makiyi, totchaja ndi chingwe cha foni. Odwala matendawa tilipo asanu ndi awiri, tili ndi gulu lathu pa foni, ndipo tikakumana nkhani imakhala imodzi yokha: ka ndani kakuwala kufika patali. (Sekani ndithu. Inunso muli ndi kanthu kanu kamene akwanu sakamvetsa.)

Amatipangira ndi mkulu wina wokonza mafoni pa Chonde, timangomutchula kuti Injiniya. Kanga ndinakadikira miyezi iwiri. Thupi lake ndi kapaipi ka mkuwa, kutalika ngati chala changa chaching'ono, ndipo pambali anazokotapo dzina langa. Ukadina batani kamodzi kamawala pang'ono. Kachiwiri kamawala moti munthu ali kutsidya kwa munda wa tiyi amaphimba kumaso. Kachitatu kamathwanima ngati galimoto ya apolisi. Kachinayi ndiye kamazima.

Pondipatsa, Injiniya anandichenjeza. "Achimwene, kanthuka n'kakang'ono koma mphamvu yake si yamasewera. Kakayaka nthawi yaitali kamatentha ngati khala. Mukamakaika m'thumba muzipotokola kumbuyoku pang'ono kuti batani lisagwire ntchito."

Ndinavomera ndi mutu, koma maso anali pa dzina langa lija.

Munthu mmodzi amene sanakakonde ndi Felesita, chibwenzi changa, telala wa pa Limbuli. Sindimuimba mlandu. Ndinkakatulutsa paliponse: mu minibasi, pogula nsomba, ngakhale m'tchalitchi pofuna nyimbo m'buku dzuwa likuswa mtengo. Tsiku lina kwa mnzake ndinawalitsa m'mbale ya ndiwo pofuna kuonetsa anthu kuti kamatulutsa mtundu weniweni wa zinthu. Kanatulutsadi, ndi ntchentche yomwe. Felesita sanandilankhule masiku atatu.

Ndiye itakwana nthawi yoti ndikaonekere kwawo, anandikhazika pansi.

"Loweruka mukukumana ndi amalume anga, a Khoromana," anatero. "Ndi munthu wovuta. Mnyamata wina amene ankafuna achemwali anga anamubweza chifukwa chongopisa dzanja m'thumba iwo akulankhula. Chonde, katochi kanu kaja katsale kunyumba. Lonjezani."

"Ndalonjeza."

"Mukabwera nako, akadzandifunsa ngati ndikukudziwani, ndidzati ayi."

Ine ndinaseka. Iye sanaseke.

Kwa amene simunapiteko kokaonekera, mwambo wake ndi uwu. Iwe mwamuna sulankhula, amakulankhulira ndi amalume ako. Umakhala pamene akukhazika, maso pansi, manja pamaondo. Akulu akatha zawo amaitana mkaziyo n'kumufunsa pamaso pa onse ngati akukudziwa. Akavomera, nthungululu. Akakana, mumatola zipewa zanu n'kuona msewu. Ukwati wanga wonse unali pa funso limenelo.

Loweruka kunacha ndi chiperoni, nkhungu itaphimba phiri lonse, kamvula kakuwaza. Ndinavala thalauza yatsopano yotuwa imene Felesita anandisokera yekha kaamba ka tsikuli, ya nsalu yopyapyala, yogwira thupi bwino. Nditakhoma chitseko ndinayang'ana m'manja, makiyi ali ndi katochi kawo. Ndinayesa kukachotsa pa kawaya kozungulira kaja, koma zikhadabo ndinali nditawenga dzulo lake kuti ndikaoneke waukhondo. Amalume anga anali kale pamsewu akukuwa kuti minibasi ikudzaza. Ndinadziuza kuti kakhala m'thumba, ndani akakaone? (Zoona zake n'zakuti sindinayesetse kwenikweni. Ndikanatha kugwiritsa ntchito mpeni. Mtima sunkafuna.) Ndinakaponya m'thumba osapotokola kumbuyo.

Tinatsika pa Limbuli, tinakwera kabaza, tinafika cha m'ma teni koloko. Anatilowetsa m'nyumba ya a Khoromana. Zenera linali limodzi, lotsekedwa ndi katoni chifukwa cha mphepo, ndipo titangolowa chitseko anachikankhanso. Munali mdima ngakhale unali m'mawa. A Khoromana, mkulu wamtali amene anapuma ntchito ya ulonda ku esiteti, anakhala pampando wa ndalema atavala chijasi. Pamkeka panali azakhali ake a Felesita ndi amayi ena awiri. Amalume anga anawapatsa mpando wabwino. Ine anandilozera kampando kakafupi, kotere kuti nditakhala maondo anafika pachifuwa.

Pokhala pansipo ndinamva kuti "tiki". Ndinayesa ndi kampando. Nditasuntha kuti ndikhazikike bwino, ndinamvanso "tiki". Ndinayesanso ndi kampando komweko.

Malonje anatha, amalume anga ananena chimene tadzera, a Khoromana anayamba kufotokoza mbiri ya banja lawo kuyambira makolo amene anawoloka kuchokera ku Mozambiki. Ali pa agogo achiwiri, ndinamva kufunda pa ntchafu. Poyamba ndinati ndi mantha chabe. Koma mantha safunda mbali imodzi. Poti maso anali kale pansi monga mwa mwambo, ndinangowatembenuzira kumanja. Thalauza ya Felesita inali ikuwala. Pa ntchafu panali chibwalo choyera, ngati nyali yophimbidwa ndi nsalu.

Ndinaphimbapo ndi dzanja. Zala zinasanduka zofiira, mpaka mafupa kuoneka. Ndinatenga chipewa changa pansi mwakachetechete n'kuvundikirapo. Kuwala kunabisika, koma kutentha ndiye kunapeza nyumba.

"Khazikika iwe," ananong'ona amalume anga akundigunda ndi chigongono.

Abale, ndinayamba kuwerenga njira zanga. Ndikapisa dzanja m'thumba, ndipita kumene anapita mnyamata wa achemwali uja. Ndikatuluka akulu akulankhula, ndiye mwano woposa pamenepo. Ndikaulula, Felesita amva kuti ndaphwanya lonjezo, ndipo yankho lake analinena kale. Ndikangokhala, ndipsa. Ndinasankha kupsa. Kunja kukuzizira chotere, ine thukuta linali kamukamu, likuyenderera m'khosi mpaka mu kolala. Ndinaluma mano, ndinapinda zala za kumapazi mu nsapato, ndinayamba kutchula mayina a mabuku a m'Baibulo mumtima. A Khoromana anali asanafike n'komwe pa amayi awo. Amati akatchula munthu mmodzi, amabwerera kukatenga mlongo wake, ndi mudzi umene anakwatiwako, ndi chaka cha dzombe.

Kenako kunayamba kumveka kafungo. Mayi mmodzi ananunkhiza m'mwamba n'kufunsa mnzake chapansipansi ngati kukhitchini asiya chinthu pamoto. Ine ndinadziwa chimene chinali pamoto.

Mwadzidzidzi a Khoromana anati, "Tisanapitirire, azakhali atitsogolere m'pemphero."

Sindinakondwerepo ndi pemphero ngati tsiku limenelo. Onse atatsinzina, ndinalowetsa chala pansi pa chipewa, ndinafufuza batani pamwamba pa nsalu, ndinadina. Koma mantha anali atandiiwalitsa masamu. Ndinali nditadina kale kawiri ndi kampando kaja. Uku kunali kachitatu.

Nyumba yonse inayamba kuthwanima. Chipewa chinagwa. Kuwala kumamenya malata, kumamenya khoma, kumamenya nkhope ya azakhali amene anali pakati popempherera alendo kuti abwere ndi mtima woyera. Ndinayesa kudina kachinayi, koma katochi kanali katatembenuka, batani labisala pansi pa makiyi, ndipo chala chimangogunda mkuwa wamoto. Pemphero linaima pakati pa liwu.

"Mayo ine!" anakuwa azakhali. "Ntchafu ya mlendo ikung'anima! Wabwera ndi zithumwa uyu, akufuna atipumbaze tonse!"

Amayi awiri aja anali kale pachitseko, wina atanyamula mkeka womwe. Amalume anga anandiyang'ana ndi maso amene sindidzawaiwala.

"Iwe, manyazi anji amene wandibweretsera kuno? Imirira!"

Ndinaimirira. Thumba lam'kati linali la nayiloni, ndipo linali litasungunuka kalekale. Makiyi ndi katochi zinatsetsereka m'mwendo wa thalauza, zikundisisita ndi moto njira yonse, n'kutulukira pa nsapato kuti gwejede. Kanagubuduka mpaka pamapazi pa a Khoromana, kakuthwanimabe, dzina langa lili pamwamba kuti pasakhale wokayika mwini wake. Pa thalauza panatsala bowo la m'mbali mwakuda.

Munthu yekhayo amene sanasunthe anali a Khoromana. Anawerama, anakatola ndi nsonga ya chijasi, anakayang'ana uku ndi uku, n'kupotokola kumbuyo pang'ono. Kanazima.

"Khalani pansi amayi, si mankhwala awa," anatero. Kenako anatembenukira kwa ine. "Bambo, ine ndagona panja ndi tochi zaka zambiri. Tochi ndimaidziwa ngakhale itavala thalauza. Ndinaiona mutangokhala pansi. Mbiri ya makolo athu ija masiku onse ndimaidula pa agogo anga. Lero ndimafuna ndione kuti mupirira mpaka pati."

Palibe anaseka. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike.

"Itanani mwana," anatero.

Felesita analowa atamanga chitenje chatsopano, anagwada pafupi ndi chitseko. Maso ake anayamba pa dzanja la amalume ake, pamene panali katochi. Kenako anapita pa bowo la thalauza imene anaisoka masiku anayi. Kwa ine sanayang'aneko.

"Mwanawe," anatero a Khoromana, "munthu uyu ukumudziwa?"

Anayang'ananso bowo lija. Ndinkamva madontho a mvula akugwa kuchokera pa malata, limodzi limodzi. Ululu wa pa ntchafu ndinauiwaliratu. Ndinachita mantha enieni, mantha oti ndataya mkazi wabwino chifukwa cha kapaipi ka mkuwa, ndipo ndinadziona kupusa kwanga konse bwinobwino popanda tochi.

"Thalauzayo ndikuidziwa," anayankha pamapeto pake. "Ndinasoka ndine. Katochiko ndikukadziwanso."

"Nanga mwini wake?"

"Mwini wake anandilonjeza kuti sayenda nako lero. Ndiye ngati kafika kuno, ndiye kuti wabweretsera inu, amalume, ngati mphatso. Ngati zili choncho, ndikumudziwa. Ngati si choncho, sindinamuonepo."

Maso onse anagwera pa ine. Mwambo umati mwamuna salankhula, koma amalume anga anandiponda phazi. "Yankha, chitsiru iwe."

Ndinayang'ana katochi kanga. Miyezi iwiri yodikira, dzina langa lozokotedwa bwino, ulemu wanga wonse pagulu lathu la anthu asanu ndi awiri. (Ndikuvomera, ndinazengereza kamphindi. Felesita anakaona kamphindi kameneko, ndipo mpaka lero amakatchula.)

"Ndi mphatso yanu, bambo," ndinatero.

A Khoromana zikhadabo anali nazo. Anakachotsa pa kawaya kaja mosavuta, makiyi anandiponyera. Azakhali analiza nthungululu, ngakhale ankandiyang'anabe cham'mbali. Chakudya chisanabwere amalume anga ananditengera kuseri kwa nyumba kukandithira madzi ozizira pa bala, akunditukwana chapansipansi kuti eni mudzi asamve. Pobwerera ndinakwera kabaza cham'mbali ngati mayi wovala siketi, chipewa chili pa bowo.

Tinakwatirana chaka chomwecho. Thalauza ija Felesita anaiika chigamba cha nsalu yofiira dala, akuti kuti ndizikumbukira.

Koma nkhani sinathere pomwepo. Kwa a Khoromana kulibe magetsi, pamene ife m'nyumba ya kampani imene ndimagwirako ntchito tili nawo. Choncho Lachisanu lililonse wakabaza amafika pakhomo ndi katochi kaja, kokulunga bwino m'kapepala, ndi uthenga woti akuluakulu akuti mutchaje. Ndimakalumikiza pa chingwe changa, ndimakhala pambali n'kumakayang'anira, ndimapukuta dzina langa ndi nsonga ya malaya. Nthawi zina ndimakayatsa kamodzi kuloza kudenga, kungoti ndione ngati mphamvu ikadalimo. Felesita satukula n'komwe mutu pa makina ake.

"Kakadzaza mukabweze," amatero. "Si kanu."

Ndimakakulunga m'kapepala kake komweko n'kupatsa wakabaza. Koma ndisanakulunge ndimapotokola kumbuyo bwinobwino, kawiri, n'kuyesa batani. Pa zonse zija, chimenechi chokha ndiye ndinaphunzira.