Jailosi ndi Makiyi a Nyumba Ziwiri

Sunthirani kuno kukhonde, ana inu, mvulayi sikata msanga. Mwambi uja amalume anu amakonda kukukalipirani nawo uja, chiyambi chake chinali chotere.

Muno mu Zomba munali munthu wina dzina lake Jailosi. Nyumba analibe, ngakhale kachisakasa, koma ankagona pabwino kuposa ife tonse. Ntchito yake inali yosungira anthu nyumba ndi ziweto eni ake akachokapo. Wina akapita kumaliro ku Ntcheu, Jailosi walowa. Wina akapita kukaona mwana ku Joni, Jailosi wasamukira komweko ndi kachikwama kake ka malaya awiri ndi mswachi. Agalu a tauni yonse ankamugwedezera michira. Ukamufunsa kuti, "Masiku ano mukukhala kuti, a Jailosi?" ankangoseka.

"Ine ndine mbira, achimwene. Phanga lililonse lopanda mwini ndi langa."

Chaka china, Khirisimasi itayandikira, anaitanidwa ndi Mayi Nachisale a ku Matawale.

"Ndikupita kuchinkhoswe ku Limbe," anatero mayiwo. "Undisungire nyumba ndi mphaka wangayu, Dona. Mufiriji muli nkhuku, uzidya. Koma usachoke pakhomo, wamva?"

"Mayi, ine ndikakhala pakhomo ndimamera mizu," anayankha Jailosi, maso ali pafiriji.

Tsiku lomwelo anakumana ndi a Phwitiko a ku Mulunguzi, kumtunda kuja. Iwowo anali pa ulendo wokazonda apongozi awo ku Chiradzulu, ndipo ankasowa wowasungira galu wawo wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, dzina lake Sindikuopa.

"Uzigona kuchipinda cha alendo," anatero a Phwitiko. "Matiresi ake ndi ofewa, TV ili pabalaza. Ulibe kwina sabata ino?"

Apa Jailosi akanayenera kunena zoona. Koma mimba inati nkhuku, msana unati matiresi.

"Kwina kuti, bwana? Ndine wanu ndi mtima wonse."

Masiku oyamba zinamukomera zedi. Ankadya ku Matawale, n'kukagona ku Mulunguzi, akuimba likhweru njira yonse. Koma mtundawo ndi wautali, ana inu, ndipo ndi wokwera. Posakhalitsa mutu unayamba kusokonekera. Dona anapatsidwa chifupa cha ng'ombe, n'kumangochiyang'ana monyansidwa. Sindikuopa anapatsidwa kambale ka mkaka, ananyambita kamodzi, kambale mbee, n'kuyamba kumuyang'ana Jailosi m'miyendo.

Ndiye linafika tsiku lija. M'mawa, ali ku Mulunguzi, Jailosi anachapa malaya ake onse awiri. Anatulutsanso matiresi n'kuwayanika pakapinga, poti galu anali atagonapo. Posowa chovala, anatsegula kabati n'kutenga suti ya a Phwitiko, ija anakwatira nayo. Atadziona pagalasi anadzipatsa moni yekha.

"Zikomo bwana Jailosi, mwadzuka bwanji?"

Anatsika nayo ku Matawale akuyenda monyang'wa, galu wamuiwala osamupatsa kanthu. Kumeneko anaphika nkhuku yomaliza, fungo mpaka kwa aneba. Kenako nzeru zinamubwerera.

"Nkhuku ili kuno, TV ili uko. Bwanji ndizikumanitse?"

Ananyamula poto wa Mayi Nachisale, n'kukoka chitseko kuti gwa! Chitsekocho chinali chodzikhoma chokha.

Ali pakati pa njira, kuphiri kunada bii, bingu n'kugunda. Jailosi anaima.

"Mayo, windo la amayi! Ndalisiya lotsegula, sofa ali pansi pake!"

Anatembenuka n'kuyamba kuthamanga chotsika. Asanapite patali anaimanso.

"Mayo, matiresi a bwana!"

Anatembenuka, chokwera. Windo! Chotsika. Matiresi! Chokwera. Amayi ogulitsa mango m'mbali mwa msewu anayamba kumuombera m'manja, poganiza kuti bambo wa sutiyo akuyeserera gule wa paukwati.

Mvula ija inangoti khuthu, ngati wina wagubuduza mgolo kumwamba. Jailosi anasankha Matawale. Anafika akupuma ngati galu, n'kulowetsa kiyi pachitseko. Kiyi osazungulira. Anali wa ku Mulunguzi. Atasuzumira pawindo lija, anaona kiyi wa Mayi Nachisale ali phee pamwamba pa firiji, sofa akumwa madzi, Dona atakhala pouma akudzinyambita. Windolo linali ndi zitsulo, munthu sangalowerepo.

"Dona, mwana wabwino, tandipatsire kiyiyo!"

Mphaka anayasamula n'kumupatsa msana.

Basi, Jailosi anauyatsanso wa ku Mulunguzi, poto kukhwapa, nsapato zikulira kuti tchwa, tchwa. Matiresi anawapeza atasanduka dambo. Koma vuto silinali limenelo. Pakhomo panaima Sindikuopa, wanjala, akuona chinthu chonyowa chovala suti ya abwana ake, chonunkha mphaka, chonyamula nkhuku.

"Sindikuopa, ndine! Ndine Jailosi, mnzako uja!"

Galu sanafune kumva za chibale. Analumpha kamodzi, nkhuku yonse m'kamwa. Analumpha kachiwiri, thumba la kumbuyo kwa buluku linatsala m'mano. Jailosi anavala poto kumutu n'kuliyatsa liwiro mpaka kumsewu waukulu, komwe anaima, msuzi ukutsikira m'makutu.

Nthawi yomweyo kunkabwera minibasi yochokera ku Limbe. Mayi Nachisale anali m'menemo, ndipo panjira anakweramo a Phwitiko n'kukhala nawo mpando umodzi. Sankadziwana, koma mvula inawayambitsa macheza.

"Ine sindikudandaula," anatero mayiwo. "Ndasiya mnyamata wokhulupirika. Sachoka pakhomo, amachita kumera mizu."

"Ngati wanga," anatero a Phwitiko. "Anthu oterewa akusowa masiku ano. Wanga ndi Jailosi."

"Ii, mayina kufanana! Wanganso ndi Jailosi."

Onse anaseka. Ali mkati moseka, dalaivala anaponda buleki, poti pamsewu panali munthu wovala poto. Mayi Nachisale anapukuta galasi ndi chitenje.

"Poto wanga uyo!"

"Suti yanga iyo!" anakuwa a Phwitiko.

Anatsika onse awiri, mvula osaiona n'komwe. Jailosi anavula poto mwaulemu ngati chipewa, n'kugwada m'matope.

"Takulandirani mayi. Takulandirani bwana. Kunyumba konse kuli bwino, kungoti kwanyowa pang'ono."

Ntchito inathera pomwepo, ana inu. Mbiri inawanda tauni yonse, ndipo panapita nthawi yaitali wina asanamusiyirenso ngakhale nkhuku ya chitopa. Koma anthu a m'minibasi muja anaseka mpaka misozi. Kondakitala, amene ankamudziwa bwino Jailosi, anatulutsa mutu pawindo.

"A Mbira! Nyumba kumtunda, nyumba kumunsi, inu mukusamba pamsewu?"

Jailosi anafinya jekete la a Phwitiko, madzi chuu, n'kupukusa mutu.

"Ndaphunzira, achimwene. Mapanga awiri avumbwitsa."