Njoka za ku mall

Ndikuuzani, koma isafike kwa madalaivala anzanga a pa Songwe, angandiseke mpaka kupuma ntchito.

Lole inali kudikira katundu ku bandari, doko la ku Dar, ndiye ndinapita kukagona kwa mlongo wanga ku Mbagala. Loweruka iye akuti, "Achimwene, tamutengani Neema akasewere ku mall, ine ndichape."

Neema ndi mwana wake wazaka zisanu. Chichewa amamva, koma kuyankha ndi Chiswahili basi.

Tinakwera daladala, minibasi ya kumeneko, ine nditatchena malaya oyera, amalume a ku Malawi enieni. Kumalo a anako nsapato amavula pakhomo. M'chipindamo munali kamdima, pansi pakuoneka udzu wobiriwira bwino. Ndinangoti, Dar yatukuka, kapinga m'nyumba!

Kuyang'anitsitsa, njoka! Yachikasu, ikukwawa kulunjika kumapazi a Neema.

"Nyoka! Nyoka!" ndinakuwa m'Chiswahili changa cha pamsewu.

Mwana ndinamunyamula ngati thumba la mpunga nkumuponyera pa matiresi. Ndinatola sandasi ya munthu wina pakhomo, phwa! pamutu penipeni.

Njoka ija inangoti balala, nkukhala ziwiri.

Phwa! Zinayi. Zabuluu, zofiira, zina zikumwetulira.

Apa thukuta linayamba. Ndinati izi si njoka wamba, alipo wanditsatira kuchokera kumudzi. Ndinayamba kuponda ndi miyendo yonse, masokosi obooka ali poyera, pemphero lili pakamwa.

"Tulutsani ana! Watoto nje!"

Ana ake ati? Anandizungulira akuwomba m'manja: "Babu! Babu!" ati agogo. Amayi awo mafoni m'mwamba, video ili mkati.

Mtsikana woyang'anira malowo anabwera akudziluma mlomo. "Mzee, pole. Angalia juu."

Kuyang'ana m'mwamba momwe amalozamo, kudengako kunali projekita, ikuwalitsa njoka zanga zonse pansi. Akuti kakamera kake kamaona pomwe mwaponda, ana nkumaphunzira mitundu akusewera.

Ndinabweza sandasi kwa mwini wake, mayi wina amene anaima ndi mwendo umodzi. Kenaka ndinakonza kolala.

"Ndimadziwa ine," ndinatero. "Ndimangoyesa ngati machine ili bwino."

Nthawi yomweyo machine inalira kanyimbo kachisoni, manambala nkutuluka pakhoma. Neema anandikoka buluku, nkuyesetsa Chichewa kuti ndimve bwinobwino.

"Amalume, amaponda yofiira tu. Inu mwapata ziro."

Kamwana kovala thewera kanali ndi seveni.

Abale, musanapulumutse mwana m'tauni, yambani mwamufunsa ngati ali pangozi.