Galimoto Yofiira ya Mkamwini

Lolemba

Ndagula galimoto!

Ndilembenso kuti dzanja lizolowere: ndagula galimoto. Yofiira psuu, yaifupi yondilekeza m'chiuno, yakale pang'ono koma yonyezimira. Ndachoka nayo ku Limbe ndikuyendetsa ndekha, ine amene laisensi yanga yakalambira m'chikwama osagwirako ntchito. Pa Njuli anyamata a kabaza asiya bawo n'kuimirira. Sindinawayang'ane. Munthu wa galimoto amayang'ana kutsogolo.

Zoona, pangano lathu ndi amake Chisomo linali lakuti ng'ombe ziwiri tagulitsazi zibweretse kapikapu konyamulira mkaka ndi madeya a ng'ombe zotsala. Kapikapuko ndinakaona ndithu, ndinakagogodanso matayala. Koma pambali pake panali pataima iyi, ndipo mtima wanga unathera pomwepo.

Wogulitsa akuti: "Iyi si ya aliyense, bwana. Injini yake ndi rotari, ya mpikisano. Ilibe mapisitoni, mkati muli chitsulo chonga samusa chimene chimangozungulira." Ananenanso zina zokhudza kalizidwe ndi kazimitsidwe kake, koma nthawi imeneyo n'kuti ndikudziyang'anira pachitseko.

Kuchoka pa tala kubwera kumudzi kuno yakhula mimba pansi malo angapo. Vuto ndi msewu, osati galimoto.

Amake Chisomo aizungulira kamodzi, atsekula kumbuyo, atseka. "Nanga zigubu za mkaka zizikhala pati?" Mafunso a munthu wosaona patali.

Chachikulu ndi Loweruka. Mlamu wanga Agnesi, mng'ono wawo wa amake Chisomo, akumanga ukwati kutchalitchi, ndipo madzulo ano ndamulonjeza pamaso pa anthu kuti womunyamula ndine. Zaka zonse ndakhala pachikamwini m'mudzi uno, ntchito yanga pamaukwati ndi kuwaza nkhuni ndi kukabwereka mabenchi. Apongozi anga sanandilankhulepo maso ndi maso chikwatirireni mwana wawo. Ndi mwambo, sindikudandaula: tikakumana panjira iwo amapatukira m'chinangwa, ine m'nandolo, ndipo mawu awo onse amadzera kwa amake Chisomo. Koma ndinamvapo mphekesera kuti amanditchula "wa njinga uja", ndipo zimandiwawa. Loweruka aone okha.

Lachiwiri

M'mawa mkaka ndapititsa pa njinga. N'zakanthawi chabe.

Pobwerera ndapeza pakhomo padzaza ngati pabadwa mwana. Anthu akubwera m'magulumagulu kudzaona galimoto. Mkeka, moni, kufunsana za kunyumba, kenako pempho limodzi lomwelo: "Tailizeni timve."

Munthu wasiya ntchito zake kudzakondwera nawe, ungamumane bwanji? Ndikuiliza. Kulira kwake si kwa minibasi ayi. Imayamba ndi kung'ung'udza, kenako imakuwa mpaka nkhuku kuthawira kudambo. Anthu akaomba m'manja ndikuizimitsa msanga, poti petulo satoledwa pansi.

Amene ndawalizira lero:
– amayi a kwaya, pochokera kokonzekera nyimbo za ukwati
– aphunzitsi aakulu, amene afunsa liwiro lake, ndawaonetsa nambala yomaliza pa wotchi yakutsogolo
– a Likaka, amene samva bwino, choncho ndawabwerezera
– amayi a kwaya aja kachiwiri, poti ena anatsalira
– munthu wina wosamudziwa, amangodutsa ndi mbuzi

Agnesi wakhala pampando wakutsogolo n'kudzijambula pafoni. Zithunzi zafika kale kwa akuchimuna ku Milepa. Akuti anzake onse adziwa, ena sakukhulupirira, abwera Loweruka kudzaona.

Apongozi aonera kuseri kwa nkhokwe. Ndaona mpango wawo wokha, koma mpangowo unakhalitsa!

Madzulo yachedwa pang'ono kulira. Mwina yatopa ndi alendo, inenso ndatopa.

Lachitatu

Lero ntchito ya msewu. Ndatenga khasu n'kuyenda njira yonse yochoka pakhomo kukafika kutchalitchi, kusalaza zitunda, kuzula miyala, kukwirira mokumbika ndi mvula. Njirayi si yaitali, pa njinga sutuluka n'thukuta lomwe, koma ndi khasu yatalika. Odutsa akufunsa ngati ndi za chitukuko. Ndikuti inde, chitukuko changa. M'dera lonse lino ndani winanso anagula galimoto n'kuilimira msewu wake?

Oyilo watsika, ndathira wina. Amake Chisomo akuti: "Ng'ombe zija zimadya n'kutipatsa mkaka. Iyi ikungomwa, ikutipatsa chiyani?" Ikutipatsa ulemu, mayi. Ndayankha chamumtima.

Masana afika ankhoswe a kuchimuna kuchokera ku Milepa, kudzamaliza za Loweruka. Anthu aulemu wawo, majekete, nsapato zopolisha. Atamaliza zokambirana, wamkulu wawo akuti: "Tamva kuti pakhomo pano pali chinthu. Tailizeni timve."

Ndakhala pampando mwachifumu. Ndapotokola kiyi. Yangoti kwe-kwe-kwe. Ndapotokolanso. Kwe-kwe-kwe, kenako fungo la petulo pabwalo ponse.

Ndawauza kuti galimoto zamtunduwu zimapuma masana. Agwedeza mitu mwaulemu. Mmodzi wanena kuti kwawo kuli lole yonyamula mchenga, ngati pangafunike thandizo Loweruka. Lole ya mchenga! Mlamu wanga!



Lachinayi

Ndakatenga Che Sumani, makaniko wa pa Njuli amene amadzutsa minibasi zakufa ndi zigayo zomwe. Ndawakweza pa njinga yanga. Anyamata a kabaza aja aimiriranso, koma ulendo uno mano ali pamtunda.

Che Sumani atsekula boneti, asuzumira, apukuta maso, asuzumiranso. "Achimwene, akuberanitu. Injini yake ndi theka iyi. Mapisitoni atsala ku Limbe." Ndawafotokozera za samusa. Andiyang'ana mwachisoni.

Zimene tayesa:
– kuikankha kuti ilire (sizitheka, ndi yosintha yokha magiya)
– kugogoda batire ndi sipanala
– kuikankhanso, poti obwera mochedwa sanakhulupirire
– pemphero, Che Sumani lawo, ine langa

Pomaliza ndaimbira wogulitsa uja. Atamva kuti ndakhala ndikuiliza n'kuizimitsa, wakuwa mpaka foni ndaichotsa kukhutu. "Ndinakuuzanitu, bwana! Imeneyo ukailiza suizimitsa isanatenthe. Petulo amadzaza mkati, mapulagi amanyowa, basi yatsamwa. Mwaizimitsa kangati?" Ndati sindikudziwa, kwathu kuno alendo sitiwerenga.

Ndiye kuti amene anapanga galimoto imeneyi alibe anansi. Kwawoko munthu amagula chinthu chotere, osabwera ndi mmodzi yemwe kudzamva kulira kwake? Ndawamvera chisoni.

Amake Chisomo angotsuka zigubu za mkaka n'kuziyanika pa boneti.

Komabe taganizani: galimoto imene makaniko wamkulu wa pa Njuli sanaionepo chibadwire, ili pakhomo panga.

Lachisanu

Che Sumani achotsa mapulagi, awapukuta, tawayanika palichero pafupi ndi ufa wa ukwati. Batire ndapita nalo kokatchajitsa pa Njuli, pa njinga. Sabata ino njinga imeneyi yagwira ntchito kuposa kale lonse.

Kwa apongozi kuli piringupiringu. Mbuzi yaphedwa, thobwa lili m'migolo, amayi akudula kabichi. Agnesi wabwera maso ali ofiira. "Alamu, mundiuziretu lero. Anzanga ndinawauza kale, ndisakachite manyazi." Ndamuuza kuti ine mawu anga ndi amodzi. Atachoka ndathamangira kukayang'ana mapulagi palichero paja.

Masana Che Sumani apita kumzikiti. Ndakhala ndekha kulondera mapulagi, kuthamangitsa nkhuku.

Dzuwa litapendeka tabwezera zonse. Ndapotokola kiyi kwa nthawi yaitali, Che Sumani akundikuwira kuti ndisasiye. Yatsokomola. Yatsokomolanso. Yalira! Utsi woyera wakuta bwalo lonse mpaka amayi ophika abalalika, koma nthungululu zamveka mu utsi momwemo. Ndaisiya ikulira mpaka yatentha bwinobwino. Petulo wapita, ulemu wabwerera.

Che Sumani potsanzika: "Mawa mukailiza, ngakhale kugwe chiyani, dzanja lisafike pa kiyi mpaka itenthe. Ikatsamwanso ndi ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo ine mawa ndili ku Zomba."

Malamulo atsopano, ndawalengeza pabwalo:
– palibenso tailizeni timve
– palibe kutsamira
– mbuzi zizidutsa kuseri

Atsikana aimanga maliboni oyera ndi mabaluni. Ndaima patali kuiyang'ana. Ndinene zoona, misozi inalengeza m'maso.

Loweruka

Suti ndavala, nsapato zikuwala. Agnesi wavalira m'nyumba mwathu, ndiye potuluka wangolowa m'galimoto. Diresi lake theka lakhalira panja, amake Chisomo akulikankhira mkati ndi manja awiri. Ndapotokola kiyi. Yalira nthawi yomweyo! Nthungululu, nyimbo, fumbi. Phazi lili pa buleki, kwangotsala kunyamuka.

Ndiye ndikuona anthu akupatuka. Apongozi. Akubwera okha, osadzera kuseri kwa nkhokwe, molunjika kuwindo langa. Afika, agwada cham'mbali, nkhope ayang'anitsa kwina monga mwa mwambo, manja aphatikiza. Milomo ikuyenda. Akulankhula ndi ine. Ine!

Sindikumva kanthu. Injini ikukuwa, ndipo apongozi mawu awo ndi apansipansi. Ndayang'ana amake Chisomo kuti andimvere, ali kutsidya kwa galimoto akulimbana ndi diresi. Kamuvi kosonyeza kutentha kakadali pansi penipeni. Mawu a Che Sumani ali m'khutu. Apongozi akadali chigwadire, mudzi wonse ukuyang'ana, akuchimuna akuyang'ana.

Munthu wamkulu agwade pafumbi, iwe uli pampando ukumulizira chitsulo? Makolo anga sanandilere choncho.

Ndazimitsa.

Bwalo lonse zii. Ndatsika, ndanyonyomala pambali pa tayala, ndaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Bambo," akutero apongozi, "ndimati mwadzuka bwanji?"

Ndadzuka bwino, kaya iwo. Iwo adzuka bwino, zikomo. Nanga ng'ombe zotsala zija zadzuka bwanji? Zadzuka. "Zikomo ponyamula mwanayu. Muyende bwino." Basi. Anyamuka, abwerera kumiphika.

Anditchula bambo. Pakamwa pawo, osadzera kwa munthu.

Ndabwerera pampando. Kwe-kwe-kwe. Fungo la petulo. Ndayesa, ndayesanso, mpaka batire nalo lagona.

Agnesi wakana kutsika. "Ine ndinanena kuti ndikafika pa galimoto yofiira. Sindinanene kuti izikalira." Anyamata a kwaya avula majekete, ankhoswe a ku Milepa nawonso, wa lole ya mchenga uja ali pakati. Ayamba kukankha. Ine pa chiwongolero, chitauma gwa, koma msana ndawongola ndipo ndikuyang'ana kutsogolo. Amayi akuimba kumbuyo. Hutala yafera limodzi ndi batire, ndiye amake Chisomo atsogola ndi njinga yanga, akuliza belu njira yonse.

Msewu ndinasalaza uja okankha onse auyamikira.

Tafika mochedwa, abusa ataima pakhomo la tchalitchi, mkwati thukuta lili kamukamu. Koma tafika. Mkwatibwi watsika m'galimoto yofiira anzake onse akuona, ndipo chitseko ndamutsekulira ndekha. Pamadyerero nkhuni wawaza wina.

Lamulungu

Galimoto yagona kutchalitchi, pansi pa mtengo wa mango, maliboni akadali pomwepo. Pazolengeza abusa apempha kuti mwini wake aichotse Lachitatu lisanafike, poti pamthunzi pamenepo pamakumana amayi a mpingo. Ndaimirira kuti anthu amudziwe mwini wakeyo.

Che Sumani akuti abwera mawa kapena mkuja. Wogulitsa sakuyankhanso foni. Amake Chisomo akuti ikangodzuka ibwerere ku Limbe, kubwere kapikapu kaja. Sindinatsutse. Mikono ikuwawa, suti yang'ambika kukhwapa, ndipo kunena zoona sindikudziwa kuti ndingakhale bwanji m'mudzi uno ndi chinthu chosalola munthu kuima n'kupereka moni.

Madzulo, ndikuchokera kokasiya mkaka, ndakumana ndi apongozi panjira ya kudambo. Ndakonzeka kale kulowa m'nandolo. Iwo sanapatukire m'chinangwa. Aima cham'mbali, nkhope ayang'anitsa kwina. "Mwaswera bwanji, bambo?"

Ndatsika, ndanyonyomala, ndayankha zonse mosafulumira. Atapita ndakweranso, ndapalasa kamodzi. Njinga yanyamuka.